Tisanayambe ISO 9001: kodi kauniuni wa pomwe kampani ikuperewera amachitika bwanji?

Mpanje analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumagwira ntchito za miyezo. Pali kampani yopanga zigubu ndi zivundikiro za pulasitiki, ya ogwira ntchito pafupifupi 60, mashifiti awiri, malo amodzi. Makasitomala akuluakulu ayamba kufunsa satifiketi ya ISO 9001, muyezo wa padziko lonse wa dongosolo loyang'anira ubwino wa katundu, asanasainire kontirakiti. Akuluakulu a kampani agwirizana kuti asanalembe chikalata chilichonse chatsopano, payambe pachitika kauniuni wa pomwe kampani ikuperewera, chomwe ambiri amachitcha gap analysis.

Ntchitoyi imayenda motani kuchokera tsiku loyamba? Aichite ndani, wa mkati kapena wakunja? Imatenga masiku angati? Nanga mindandanda ya mafunso yomwe ili pa intaneti ndi yokwanira? Mafomu ndi malangizo olembedwa alipo kale angapo, koma palibe amene anganene motsimikiza kuti akutsatidwa.

Sikelo anayankha:

A Mpanje, yambani ndi kugula muyezo weniweniwo ndipo muonetsetse kuti ndi kope lomwe likugwira ntchito. Mindandanda ya pa intaneti ingakuthandizeni kukumbukira zinthu, koma siingalowe m'malo mwa muyezo. ISO 9001:2015 ili ndi ndime 10. Zitatu zoyambirira ndi mawu otsegulira ndi matanthauzo. Zofunika kukwaniritsa zili pa ndime 4 mpaka 10. M'Chingerezi chake, paliponse pomwe pali liwu loti "shall" ndiye kuti ndi lamulo, ndipo odita, munthu wodzayesa ngati mukutsata muyezo, adzafuna kuona umboni wake. Vuto la mindandanda yambiri ndi loti imaunjika malamulo anayi kapena asanu mu funso limodzi loyankha kuti inde kapena ayi, munthu n'kuchonga inde atakwaniritsa limodzi lokha. Ina inalembedwa potsatira kope la 2008, lomwe linkalamula buku lofotokoza dongosolo lonse lotchedwa quality manual, munthu woimira akuluakulu, ndi ndondomeko zolembedwa zisanu ndi imodzi. Kope la 2015 silikakamiza zimenezo. Mukatsata mndandanda wakale mudzalemba "zoperewera" zomwe palibe akuzifuna, n'kuphonya zatsopano monga ndime 4.1 (zomwe zikukhudza bungwe mkati ndi kunja), 4.2 (zofuna za onse okhudzidwa) ndi 6.1 (ziopsezo ndi mwayi). Dziwaninso kuti mu February 2024 anawonjezera mawu pa 4.1 ndi 4.2 oti bungwe lione ngati kusintha kwa nyengo kukukhudza ntchito zake.

Musanalowe mu fakitale, gwirizanani za malire a dongosolo lomwe mukufuna kukhazikitsa, zomwe ndime 4.3 imanena: katundu wanji, malo ati, ntchito ziti. Apa pamabuka nkhani ya ndime 8.3, ya kukonza mapangidwe a katundu watsopano. Ngati kasitomala ndiye amabweretsa zojambula ndi zikombole, kampani n'kumangoumba, mukhoza kulemba kuti 8.3 siikukukhudzani, n'kupereka chifukwa chake. Koma ngati amisiri anu amasintha kukhuthala kwa chigubu kapena kujambula chivundikiro chatsopano, ndimeyo ndi yanu, ndipo ndi imodzi mwa zolemera kwambiri. Nkhaniyi ikapanda kuthetsedwa poyamba, kauniuni yense amakhala wopendekera.

Kenako konzani tebulo. Mzere uliwonse ukhale lamulo limodzi, lolembedwa m'mawu omwe woyang'anira shifiti angamve. Pambali pake pakhale malo olemba zomwe zikuchitika lero, umboni womwe mwauona ndi maso, mlingo wake, chofunika kuchita, mwini wa ntchitoyo, ndi tsiku lomalizira. Pa mlingo, manambala anayi ndi okwanira. 0 ndiye kuti palibe chilichonse. 1 ndiye kuti zimachitika, koma zili m'mutu mwa munthu mmodzi, iye akadwala zimaima. 2 ndiye kuti njira inakhazikitsidwa ndipo anthu amaidziwa, koma zolemba zotsimikizira zilibe kapena zili ndi mipata. 3 ndiye kuti zikuchitika ndipo umboni ulipo. Musapereke 3 ngati m'malo a umboni simunalembe dzina la chikalata, nambala yake kapena tsiku lake. "Anandiuza manijala" si umboni.

Tsopano chomwe ndikuona kuti n'chofunika koposa. Musayende ndime ndi ndime mutakhala mu ofesi. Tengani maoda omwe anatha kale, anayi kapena asanu, a miyezi yosiyana, ndipo imodzi ikhale yomwe kasitomala anadandaula. Iliyonse muilondole kuchokera pomwe inalowa mpaka pomwe katundu anakwezedwa m'galimoto. Ndani anaona kuti kampani ingakwanitse kuchuluka ndi tsiku lomwe kasitomala akufuna asanavomere? Imeneyo ndi 8.2. Timibulu ta pulasitiki tomwe anagwiritsa ntchito tinachokera kwa sapulaya uti, ndipo sapulayayo anasankhidwa motani? Ndi 8.4. Nambala ya batch, yosonyeza gulu la timibulu topangidwa nthawi imodzi, yomwe ili pa thumba ingalumikizidwe ndi zigubu zomwe zinatuluka tsiku limenelo? Ndi 8.5.2. Kutentha, mphamvu ndi nthawi yomwe makina anatchedwa zinalembedwa pati, ndipo woyendetsa makina anazitenga kuti? Ndi 8.5.1. Sikelo ndi vernier (chipangizo choyezera kukula ndi kukhuthala) zomwe anayezera zinatsimikiziridwa liti? Ndi 7.1.5. Ndani analoleza katundu kutuluka? Ndi 8.6. Zigubu zokanidwa zinaikidwa pati, ndipo zomwe zinagayidwa n'kubwezeredwa m'makina zinalembedwa? Ndi 8.7. Oda imodzi yokha imakudutsitsani pafupifupi mu ndime 8 yonse ndi mbali yaikulu ya ndime 7, ndipo mumaona zinthu mmene zililidi. Mukamaliza apo ndiye mukhale pansi ndi akuluakulu pa ndime 4, 5, 6, 9 ndi 10.

Shifiti ya usiku musailumphe. Masana pamakhala akuluakulu onse ndipo zinthu zimaoneka zolongosoka. Usiku ndi pomwe mumadziwa ngati njira inakhazikikadi. Mukhalepo pa nthawi yosinthana mashifiti, mumve zomwe amauzana ndi zomwe amalemba.

Pa kampani ya kukula kotere, konzekerani masiku atatu mpaka asanu oyendera ndi kufunsa, ndi masiku ena awiri olemba lipoti. Wina akakulonjezani kumaliza m'tsiku limodzi, ndiye kuti angowerenga mafayilo.

Kalondolondo anayankha:

Zolondola maoda zija a Sikelo anena ndikugwirizana nazo kwathunthu. Pomwe ndikuchenjeza ndi pa manambala. Ndi abwino pa mzere umodzi umodzi, koma musawaphatikize n'kukauza akuluakulu kuti "takwaniritsa 70 pa 100". Nambala yotere imagonetsa anthu tulo. Mizere khumi ya zinthu zopepuka imabisa mzere umodzi womwe pawokha ungalepheretse satifiketi. Kampani yomwe sinachitepo odit ya mkati ngakhale kamodzi siingapatsidwe satifiketi, ngakhale zina zonse zitakhala pa 3.

Zoperewera muzisanje potengera nthawi yomwe zimatenga kuti zitsekeke, osati potengera nambala ya ndime. Chikalata cha mfundo za ubwino wa katundu, cha pa 5.2, chimalembedwa masana amodzi. Koma pali zina zomwe ndalama kapena khama sizingafulumizitse, chifukwa zimafuna kuti masiku adutse zolemba zikuwunjikana. Zolinga za pa 6.2 zimafuna miyezi ingapo ya manambala kuti muonetse kuti mukuziyang'anira. Kuunika masapulaya kumafuna mbiri ya katundu yemwe akhala akubweretsa. Odit ya mkati, ndime 9.2, imafuna anthu ophunzitsidwa, pulogalamu, ndi kuyendera mbali zonse. Msonkhano wa akuluakulu wounika dongosolo, ndime 9.3, umadalira zotsatira za odit imeneyo. Kenako zolakwika zomwe zapezeka zimafuna kukonzedwa n'kudikira kuti muone ngati kukonzako kwagwira. Zimenezi zimatsatana ngati mkufu, ndipo mabungwe opereka satifiketi kawirikawiri amafuna kuona dongosolo litayenda miyezi ingapo, ambiri amatchula itatu, asanabwere kudzachita odit yaikulu. Choncho zoyamba kuziyamba ndi zomwe zimachedwa kubala umboni.

Pali mawu awiri m'muyezowu omwe woyendetsa kauniuni ayenera kuwasiyanitsa. Pomwe akuti "maintain documented information" akunena chikalata chamoyo, chouza anthu zochita, chomwe chimasinthidwa nthawi ndi nthawi. Pomwe akuti "retain" akunena zolemba zosungidwa ngati umboni wa zomwe zinachitika. Makampani ambiri amakhala olemera pa zoyambazo koma osauka pa zachiwirizo: malangizo okongola pakhoma, koma fomu yoyezera katundu ili ndi masiku opanda kanthu, kapena shifiti yonse inadzazidwa ndi cholembera chimodzi ndi manambala ofanana ndendende. Mukaona kulemera kwa chigubu kwalembedwa chimodzimodzi ola lililonse kwa maola asanu ndi atatu, funsani modekha, chifukwa makina oumba pulasitiki sabereka motero.

Pa fakitale ngati imeneyi, malo omwe ndingayang'anitsitse ndi awa. Zipangizo zoyezera: ziwerengeni zonse, kuphatikizapo zomwe amisiri amasunga m'matumba mwawo. Chilichonse chomwe chimagwiritsidwa ntchito pogamula kuti katundu wapambana kapena walephera chikhale ndi chizindikiro chake, nthawi yoyezetsanso, ndi satifiketi yolumikizika ku miyezo yovomerezeka. Funsani kuti chipangizo chikapezeka chikunama, katundu yemwe anayezedwa nacho m'mbuyomu amatani naye, ndime 7.1.5.2 imafunsa zimenezo ndipo ambiri alibe yankho. Luso la ogwira ntchito, ndime 7.2: pepala losainira kuti munthu anakhala nawo pa maphunziro silionetsa kuti amatha ntchito. Pafunika kulemba luso lomwe ntchito iliyonse imafuna ndi mmene munatsimikizira kuti munthuyo ali nalo. Ndiyenso kukonza zolakwika, ndime 10.2. Tengani madandaulo a makasitomala a chaka chatha muwawerenge onse. Ngati yankho pa lililonse ndi loti "tamuchenjeza wogwira ntchito" kapena "tamuphunzitsanso", ndipo vuto lomwelo likubwerera, ndiye kuti gwero lake silifufuzidwa. Chivundikiro chodontha chingachokere ku chikombole chomwe chatha, ku pulasitiki wogayidwanso wochulukitsa mu msakanizo, kapena ku nthawi yoziziritsa yomwe inafupikitsidwa pofuna kuchulukitsa katundu. Kuchenjeza munthu sikuchiza chilichonse mwa zimenezi.

Mwala wa Phata anayankha:

Ndiyankhe funso loti aichite ndani, chifukwa pamenepa pali malamulo omwe ambiri sawadziwa.

Bungwe la ISO lenilenilo silipereka satifiketi, limangolemba miyezo. Opereka satifiketi ndi mabungwe ena, ndipo iwo amatsata ISO/IEC 17021-1. Muyezo umenewu umawaletsa kupereka upangiri wokhazikitsa dongosolo lomwe iwo omwe adzaliyese, ndipo munthu yemwe analangizapo kampani sayenera kudzaiyesa pasanathe zaka ziwiri. Ena amachita ulendo wongoona musanalembetse, ndipo angakuuzeni kuti apa mukuperewera, koma sangakuuzeni mmene mungakonzere. Wina akakuuzani kuti adzakulemberani zikalata zonse n'kukupatsaninso satifiketi yekha, satifiketi imeneyo makasitomala osamala sadzaivomera. Funsani ngati bungwelo linavomerezedwa ndi bungwe loyang'anira opereka satifiketi, komanso ngati chilolezo chake chikukhudza mtundu wa ntchito yanu.

Musasokonezenso zinthu zitatu. Kauniuni yemwe mukufunsayu muyezo sumulamula n'komwe. Ndi nzeru chabe ya pokonzekera, ndipo salowa m'malo mwa odit ya mkati ya pa 9.2, yomwe imachitika dongosolo litayamba kuyenda. Gawo loyamba la odit ya opereka satifiketi, lomwe amalitcha Stage 1, nalonso si nthawi yodziwira zoperewera koyamba. Amabwera kudzaona ngati mwakonzeka kulandira Stage 2, odit yaikulu ija. Kufika pamenepo muli ndi mipata yaikulu ndi kutaya ndalama ndi miyezi.

Wa mkati amadziwa njira zachidule zomwe anthu amadutsa akapanikizika, koma maso ake anazolowera, ndipo n'kovuta kuti alembe zolakwika za bwana wake. Wakunja amadziwa muyezo ndipo saopa munthu, koma n'kosavuta kumuonetsa zabwino zokhazokha. Njira yomwe imapindula ndi kuwaphatikiza: mlangizi wodziwa muyezo ayende ndi anthu awiri a mkati, mmodzi wa ku makina, wina wa ku ofesi, ndipo aliyense asaunike gawo lomwe amaliyang'anira. Anthu awiriwa ndiwo adzakhale maodita a mkati mtsogolo, ndiye kuti luso latsala m'kampani mlangizi akapita. ISO 19011:2018 ili ndi malangizo abwino a kafunsidwe ndi katengedwe ka zitsanzo.

Kafunsidwe kake kakhale koti "ndionetseni mmene mumachitira", osati "kodi mumatsata malangizo?" Ndipo mkulu wa kampani alankhule yekha ndi ogwira ntchito tsiku loyamba lisanafike, kuwatsimikizira kuti palibe adzalangidwe pa zomwe zipezeke, komanso kuti lipoti lidzatchula ntchito, osati mayina a anthu. Akapanda kutero, mafomu adzadzazidwa usiku wa dzulo lake, ndipo mudzaunika chithunzi chabodza.

Mpanje analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, zamveka bwino. Mafunso ena awiri. Akuluakulu akuti mtsogolo adzafunanso ISO 45001, ya chitetezo ndi umoyo pa ntchito, ndi ISO 14001, ya kasamalidwe ka chilengedwe. Kodi n'kwanzeru kuunika zonse kamodzi? Nanga mafomu omwe alipo kale aja, tiwataye n'kuyamba atsopano?

Nthambi anayankha:

A Mpanje, kuunika kamodzi n'kotheka ndipo kumapulumutsa nthawi, chifukwa miyezo itatuyi inamangidwa pa chigoba chimodzi, ndime 4 mpaka 10 zokhala ndi mitu yofanana. Kasungidwe ka zikalata, luso la anthu, odit ya mkati, msonkhano wa akuluakulu ndi kukonza zolakwika mungaziunike kamodzi n'kungowonjezera malo awiri pa tebulo lanu. Koma musanyengedwe ndi kufanana kwa mituyo. Mtima wa muyezo uliwonse uli pa ndime 6 ndi 8, ndipo pamenepo ndi posiyana kwambiri.

ISO 45001:2018 imafuna kuti zoopsa za pa ntchito zizindikiridwe mosalekeza, pa 6.1.2, kuphatikizapo ntchito zosachitika tsiku ndi tsiku monga kusintha chikombole kapena kuchotsa pulasitiki wokakamira m'makina. Pa fakitale yotere yang'anani zotchinga za makina ngati sizinatsekerezedwe kuti makina aziyenda chitseko chili chotsegula, njira yozimitsira ndi kukhoma magetsi pokonza, malo otentha, phokoso la chigayo cha pulasitiki, ndi zonyamulira zikombole. Ndime 8.1.2 imasanja njira zotetezera: kuchotseratu choopsacho poyamba, kulowetsapo chosaopsa kwambiri, kutchinga mwa umisiri, malamulo a kagwiridwe ka ntchito ndi maphunziro, ndipo zovala zodzitetezera pomalizira penipeni. Kampani yomwe yankho lake pa chilichonse ndi magolovesi ndi zotseka m'makutu ili ndi mpata waukulu pamenepa. Palinso ndime 5.4, yomwe mu ISO 9001 mulibe: kufunsa ndi kutengapo mbali kwa ogwira ntchito, makamaka omwe si mabwana. Umboni wake suchokera mu ofesi, umachokera kwa anthu a pa makina.

ISO 14001:2015 imafuna kuti mulembe mbali zonse za ntchito yanu zokhudza chilengedwe n'kusankha zazikulu: timibulu totayika tomwe timakokoloka ndi madzi a mvula, mafuta a makina odontha, madzi oziziritsira, magetsi, zinyalala ndi komwe zimakathera.

Miyezo iwiriyi imafunanso kuti mudziwe malamulo a dziko okhudza ntchito yanu ndi kuunika ngati mukuwatsata. Apa ndikupemphani mutenge mosiyana ndi zina zonse. Mukapeza chilolezo chinatha, chipangizo chonyamulira kapena thanki ya mpweya yomwe sinayezedwe pa nthawi yake, kapena chotchinga chochotsedwa pa makina, zimenezo zisadikire pulani ya miyezi isanu ndi umodzi. Zipite kwa mkulu wa kampani tsiku lomwelo, chifukwa munthu angavulale mawa.

Unikani zonse kamodzi ngati muli ndi munthu wodziwa chitetezo ndi chilengedwe m'gulu lanu, ndipo onjezerani masiku awiri kapena atatu. Koma pokhazikitsa, kampani ya anthu 60 iyambe ndi muyezo umodzi. Anthu omwe adzanyamule ntchitoyi ndi omwewo oyendetsa fakitale.

Sikelo anayankhanso:

Mafomu musawataye. Fomu yakuda ndi mafuta yomwe imadzazidwa shifiti iliyonse ndi yamtengo wapatali kuposa yatsopano yokongola yomwe palibe akuidziwa. Sonkhanitsani onse, kuphatikizapo makope omwe oyang'anira mashifiti anadzigulira okha ndi mapepala omatidwa pa makina, chifukwa nthawi zambiri njira yeniyeni ya kampani ili mmenemo. Iliyonse muifunse mafunso atatu: imadzazidwa, pali amene amaiwerenga n'kuchitapo kanthu, ndipo ikuyankha lamulo liti. Yomwe yapambana mafunso onse muipatse dzina, nambala ya kope ndi woivomereza, monga 7.5 ikufunira, basi. Yomwe imadzazidwa koma palibe amaiwerenga, mwina ichotsedwe kapena ipezeredwe mwini. Mukapeza makope awiri osiyana a malangizo amodzi, lina mu kompyuta lina pakhoma, funsani woyendetsa makina kuti amatsata liti. Kawirikawiri la pakhoma lokhala ndi zolemba za pamanja ndilo lolondola, ndipo la mu kompyuta ndilo lofunika kukonza. Zikalata zogula zokonzedweratu zimabweretsa mpata watsopano: mumalonjeza pa pepala zinthu zomwe simuchita, ndipo odita adzakuyesani ndi malonjezo anu omwe.

Lipoti likhale ndi mbali ziwiri. Tebulo lonse ndi la amene adzagwire ntchito. Akuluakulu muwapatse masamba awiri okha: zoperewera zazikulu zosaposa khumi, zomwe chilichonse chidzafune pa ndalama ndi maola a anthu, ndi zigamulo zomwe iwo okha ndiwo angapange, monga malire a dongosolo, nkhani ya 8.3 ija, ndi yemwe adzamasulidwe ku ntchito zina kuti atsogolere. Pa mzere uliwonse mwini akhale munthu mmodzi wa udindo wodziwika, osati dipatimenti, ndipo ntchito zonse zisaunjikidwe pa woyang'anira ubwino wa katundu. Nkhani ya masapulaya ndi ya wogula zinthu, ya luso ndi ya woyang'anira anthu, ya makina ndi ya mkulu wa fakitale. Ndime 5.1 inaika udindo pa akuluakulu enieniwo, ndipo odita adzawafunsa iwo pamaso, popanda wowayankhira.

Tsiku loitana opereka satifiketi musalisankhe lipoti lisanatuluke. Tengani choperewera chomwe chidzachedwe koposa, onjezani miyezi yosonkhanitsa zolemba, odit ya mkati yonse, msonkhano wa akuluakulu, ndi masabata angapo okonza zomwe odit yapeza, ndiye muwerenge tsikulo kuchokera pamenepo. Tebulo lija muzilitsegula pa msonkhano kamodzi pa masabata awiri, ndipo mzere usasunthidwe kupita pa 3 mpaka wina yemwe si mwini wake atapita kukaona umboniwo pamalo pomwe ntchito imachitikira.